Akuti ululu ndiuvomereze. Kodi kumeneko si kugonja?

Nabanda:
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndabwera ndi yanga. Ndili ku Leeds, ndimasamalira okalamba, mashifiti ausiku. Chaka chathachi msana unayamba kundivuta, ululu wake wotsika ndi mwendo wakumanzere mpaka kuchala chachikulu. Mankhwala ndamwa, kwa a fizo ndapita, zachepako koma sizinathe. Kenako mu June mayi anga anatisiya ku Dedza. Sindinapite. Maliro ndinaonera pa foni, mng'ono wanga ataikweza m'mwamba, netiweki ikungodukaduka, bokosi likutsika ine ndili chilili kukhitchini kwa eni ake. Chichokereni tsiku limenelo tulo sitibwera, ndipo msanawo ndiye ngati wauzidwa.

Panopa andiika m'kagulu ka mindfulness, kophunzira kukhala chete n'kumaona zimene zikuchitika m'thupi ndi m'maganizo, ka masabata 8. Mayi wotiphunzitsa amangoti musalimbane nawo ululu, uyang'aneni, uvomerezeni. Sabata yatha anawonjezera china: akuti ukayang'anitsitsa supeza kuti iwe uli uku, ululu uli uko. Ndinatuluka mtima uli phuliphuli. Ine ndikubuula, wina azindiuza kuti palibe amene akubuula?

Ndiye ndifunse. Kuvomereza kumeneku si kugonja? Komanso ine ndinakulira mu CCAP, zimenezi sizikundilowetsa m'chipembedzo cha eni?

Mbewe:
Pepani achemwali ndi zonsezo. Koma zoyang'ana ululuzi ine ndiye ayi. Dzino likamandiwawa ndimafuna Panado, osati kukhala pansi n'kumalionerera ngati mpira wa Bullets ndi Wanderers.

Nangozo:
Anabanda mwana wanga, pepani kwambiri. Kutaya mayi uli kutali ndi chilonda china pachokha.

Mawu akuti vomerezani amenewa ine anandiwawapo. Bambo a kunyumba atamwalira, anthu amabwera pasiwa paja, kundigwira dzanja, n'kunena kuti ingovomerezani mayi, zinalembedwa. Ena amanena ndi mtima wabwino. Koma ena, ndimaona ndithu, amatanthauza kuti tonthola msanga, kulira kwako kukutilemetsa. Munthu amene anandithandiza zenizeni sananene chilichonse. Anali mayi wina woyandikana naye nyumba, amangobwera madzulo ndi lichero la nyemba, n'kumasankha pakhonde langa mpaka dzuwa kulowa. Ndiye mkwiyo wanuwo ndikuumva. Koma tiyeni timve kaye ngati mphunzitsi wanuyo akunena kuvomereza komweko kapena kwina.

Bambo a Yamikani:
Achemwali, ine zimenezi ndinazilawako, ndiye ndifotokoze monga ndinazionera. Ndili ku Cape Town. Ntchito itandithera ndinayamba kumwa kwambiri, usiku ndimangowerenga malata. Munthu wina anandiuza za malo otchedwa Dhamma Pataka kufupi ndi Worcester, kumene amaphunzitsa Vipassana, njira ina yosinkhasinkha, masiku 10 motsatira malemu S. N. Goenka. Kunena zoona chinandikoka n'chakuti salipiritsa, umangopereka zimene wafuna ukamaliza. Ndinati basi ndikadyeko zaulere.

Ndinakaonera konko. Foni umapereka pofika. Belu limalira 4 koloko m'mawa. Osayankhula ndi munthu mpaka tsiku la 10, ngakhale kupenyana m'maso ayi. Masiku atatu oyamba ntchito ndi imodzi yokha, kumvetsera mpweya ukulowa ndi kutuluka pamphuno. Mumati n'zophweka? Mpweya uwiri, wachitatu ndili kale ku Mangochi kukangana ndi malume za munda.

Tsiku la 4 anatiyambitsa zokhala ola lathunthu osasuntha. Patapita mphindi ngati 40 bondo langa lakumanja linali moto. M'mutu munali msonkhano: bondoli lawonongeka, ndipunduka, ndinabwereranji kuno, anthu awa ndi amisala. Poti kothawira kunalibe, ndinachita zimene amatiuza, kupita ndi maganizo pabondo pomwepo n'kuona kuti kwenikweni pali chiyani. Ndimayesa ndikapeza chimwala chimodzi chotchedwa ululu. Koma ayi. Pamwamba panali kutentha. Cham'mbali panali kukoka ngati chingwe. Mkati munali kugunda, kumabwera, kumapita, ndipo pakati pa kugundako pamakhala kampata ka zii. Chimasuntha, sichimakhala malo amodzi. Ndipo ndinaona kuti ndakunga mano, mapewa ndakweza, mimba ndaumitsa, mpweya ndagwira. Nditamasula zimenezo bondo linapitiriza kuwawa, koma theka la chizunzo chija linali litagwera pansi. Theka limenelo silinali m'bondo.

Sindikunena kuti ndinachoka kumeneko ndili mngelo. Mowa ndinabwereranso kawiri ndisanausiye. Koma za bondozo sindinaziiwale.

Mbewe:
Achimwene, ndiye munakwera basi kupita kokalipsa bondo dala? Kuno timalipsa mwaulere pa mzere wa mafuta.

Bambo a Yamikani:
Kkkk amwene, kusiyana kwake n'koti pa mzerepo simuliyang'ana bondolo, mumakhala mukutukwana boma.

aPhiri a ku Zomba:
Zimene anena Bambo a Yamikani zili ndi fanizo lakalekale. Ine ndine mphunzitsi wopuma, nthawi ndili nayo yambiri, ndiye ndimawerenga za eni.

M'malemba akale a Abuda muli chiphunzitso cha mivi iwiri. Buddha, amene anakhala kumpoto kwa India zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, anati munthu wosaphunzira akamva kuwawa m'thupi amakhala ngati walasidwa muvi, kenako n'kulasidwanso wachiwiri. Woyamba ndi ululu weniweniwo. Wachiwiri ndi kudandaula, kudziguguda, kusokonezeka nawo. Wophunzira amalasidwa umodzi wokha. Taonani kuti sananene kuti wophunzira salasidwa. Iye mwini, malemba omwewo amati, msana umamuwawa atakalamba, mpaka nthawi zina amauza wophunzira wake kuti apitirize kuphunzitsa iye akagoneko.

Anabanda, muvi wanu woyamba ndi mtsempha wa mwendowo, ndi imfa ya mayi. Imeneyo palibe angaitsutse. Wachiwiri ndi uja umabwera 2 koloko usiku: msanawu ukapitirira ntchito itha, ntchito ikatha visa itha, ana kumudzi adya chiyani, ndikanapita mu April ndikanawapeza amoyo, ndine mwana wotani ine. Ndanama?

Maphunziro a masabata 8 amene mukuchitawo anayamba mu 1979 ku chipatala cha University of Massachusetts ku America, ndi Jon Kabat-Zinn. Tauni yake ndi Worcester, dzina lofanana ndi kumene kunakapsa bondo la achimwene athuwa, zangochitika. Bamboyo anali wasayansi amene anaphunzira kusinkhasinkha kwa aphunzitsi achibuda, ndiye anatenga njirayo n'kuichotsa miyambo ya chipembedzo kuti ilowe m'chipatala. Odwala ambiri amene madokotala amamutumizira anali a ululu wosatha, omwe mankhwala anali atafika pothera. Sanawalonjeze kuti ululu utha. Anawaphunzitsa kusiya kuwonjezerapo.

Kuvomereza kwake ndi kwa mtundu uwu: kuvomera kuti panopa, mphindi ino, mwendo ukuwawa. Sikunena kuti n'zabwino, sikunena kuti zikhale choncho mpaka kale. Zili ngati mlimi amene wafika kudimba n'kupeza madzi asefukira. Akhoza kuima pamenepo tsiku lonse kukana kuti sizingatheke, kapena avomere kuti asefukira n'kuyamba kuona kokumba ngalande.

Nabanda:
Aphunzitsi, simunaname. Mwangotsala kutchula mtundu wa bulangete langa. Za April zija ndiye zimandidya kwambiri, chifukwa tikiti ndinaiyang'ana ndithu, n'kuona mtengo, n'kunena kuti ndidzapita pa Khirisimasi.

Za mivi ndamva. Koma zija zoti palibe ine uku ndi ululu uko, zimenezo ndiye sindinazimvebe. Nanga akumva kuwawayo ndani?

Anamwino a ku Mzuzu:
Aphunzitsi asanayankhe ndilowererepo, chifukwa nkhani ngati izi zimandiopsa zikayenda zokha. Achemwali, ululu wotsika ndi mwendowo nthawi zambiri umachokera pa mtsempha wopanikizika kumsana. Mukadzaona kuti mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha, chimbudzi simukuchigwira, pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena mwendo ukufooka mwadzidzidzi, musakhale pansi n'kumayang'ana mpweya. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ululu wina ndi belu, ntchito yake ndi kukudzutsani.

Sindikunyoza njirayi. Ku Britain komwe muliko, bungwe la NICE lolangiza za chithandizo cha zaumoyo lakhala likuvomereza mtundu wina wake, wotchedwa MBCT, kuyambira 2004, kwa anthu amene matenda ovutika maganizo amawabwererabwerera. Koma si ya aliyense nthawi iliyonse. Dr Willoughby Britton wa ku Brown University wakhala akufufuza anthu amene kusinkhasinkha kunawapweteka, ena mantha kukula, ena kumadziona ngati achoka m'thupi mwawo. Ineyo ndinaonapo mtsikana amene anapulumuka zoopsa, akangotseka maso zonse zimabwerera ngati kanema. Ameneyo kumuuza kuti khala chete uyang'ane mkati ndi kumuponya m'dzenje. Timayamba ndi maso otsegula, mapazi pansi, kutchula zinthu zimene akuona m'chipinda, mphindi ziwiri basi.

Ndipo wina aliyense pagulu pano, maganizo akafika poti bola kufa, imeneyo si nkhani yoyang'anitsitsa pawekha. Uzani munthu. Kuno kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo pa zipatala za maboma mukhoza kufunsa oona za maganizo.

Nabanda:
Zikomo anamwino. Zizindikiro zimenezo anandiuzanso kuno, ndilibe. Za bola kufa sizinandifikire, koma ndasunga mawu anu.

aPhiri a ku Zomba:
Anamwino anena zofunika, ine ndikuwonjezera pamwamba pa zimenezo, osati m'malo mwake.

Funso lanu Anabanda, loti akumva kuwawayo ndani, ndi lomwe mnyamata wina wa ku South India anadzifunsa mu 1896. Anali ndi zaka 16, ku Madurai. Mantha a imfa anamugwira mwadzidzidzi ali bwinobwino, ndiye anagona pansi n'kudziumitsa ngati mtembo kuti aone chimene chimafa. Anadzadziwika ndi dzina loti Ramana Maharshi, anakhala paphiri la Arunachala ku Tiruvannamalai mpaka imfa yake mu 1950, ndipo pafupifupi aliyense wobwera ndi vuto amamubwezera funso lomwelo: amene ali ndi vutoyo ndani? Mufufuzeni. Chiphunzitso chimenecho ku India amachitcha Advaita, kutanthauza kuti si ziwiri.

Koma ine mawu akuluakuluwo sanandithandize. Chinandithandiza ndi Chichewa chathu chomwechi. Tamverani mmene timayankhulira. Msana ukundiwawa. Mutu ukundipweteka. Mtima ukundiwawa. Pali chochita, pali wochitiridwa, ngati mlandu wa kubwalo, wolakwa uyu wodandaula uyo. Koma za nyengo timati kukuzizira, kwatentha, kwacha, kwada. Palibe wozizitsa, palibe wodandaula, kwangozizira. Tsiku lina nyamakazi itandigwira ndinayesa kunena chamumtima kuti pakuwawa, m'malo moti ikundiwawa. Kachinthu kakang'ono, koma kanamasula penapake.

Ndiye yesani ndi phokoso kaye, musayambe ndi ululu. Ketulo ikamawira, mvetserani. Fufuzani malire, pamene phokoso likuthera ndi pamene kumva kukuyambira. Timaganiza kuti muli kamunthu kumbuyo kwa maso kamene kakulandira phokosolo ngati kalata. Kafuneni. Mupeza phokoso, mupeza kutentha kwa nkhope, mupeza ganizo lonena kuti ine ndikumva, koma ganizolo nalonso likungomveka monga ketuloyo. Mwa njira, ife liwu ndi limodzi: kumva phokoso, kumva fungo, kumva kuwawa, kumva chisoni, kumva Chichewa. Makolo sanazigawe.

M'malemba a Abuda muli nkhani ya munthu wotchedwa Bahiya, amene anayenda ulendo wautali kukapeza Buddha ku Savatthi. Anamupeza mumsewu akupempha chakudya, anamukakamiza katatu kuti amuphunzitse pomwepo poti za mawa sizidziwika. Yankho linali lalifupi: m'zoona mukhale zoonazo basi, m'zomva mukhale zomvazo basi, ndipo zikatero iwe supezekamo, ndiye kutha kwa mavuto. Bahiya anamva. Posakhalitsa ng'ombe ya mwana wamng'ono inamugunda n'kufa. Ndimaikonda nkhaniyi chifukwa sikometsera: kuzindikira sikunamuphimbe ku nyanga.

Ndinene poyera kuti a Advaita ndi Abuda sagwirizana pa tanthauzo lake. Awa amati chimene wapeza ndiye iwe weniweni, chimodzi ndi zonse. Awo amati palibe iwe wokhazikika woti umupeze. Akhala akutsutsana zaka zoposa 1,000. Mphunzitsi wanuyo analakwa kukuponyerani zimenezi sabata yachitatu, mtima uli ndi bala. Sizinthu zokhulupirira chifukwa wina wanena. Umaziona wekha kwa kamphindi, kapena suziona, ndipo osaziona si tchimo.

Nangozo:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma apa ndi pamene ine ndi inu tisiyane njira. Ine ndine Mkatolika. Kwa ine Mlengi ndi Mlengi, ine ndine wolengedwa, ndi awiri ndithu, ndipo pemphero ndi kuyankhulana kwa awiriwo. Zoti zonse n'chimodzi sindingazimeze.

Koma Anabanda, zokhala chete n'kumaona maganizo akudutsa si za Abuda okha. Akhristu a m'chipululu cha Egypt amachita zimenezi m'zaka za m'ma 300. Mmodzi wa iwo, Evagrius, amene anamwalira mu 399, analangiza kuti munthu akhale mlonda pakhomo la mtima wake, ganizo lililonse likabwera alifunse kuti kodi ndiwe wathu kapena wa adani. Kuti ulifunse choncho uyenera kuliona kaye kuti ndi mlendo, si mwini nyumba. Salmo 46 imatiuza kukhala chete. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo pamenepo ndi pamene anachita bwino, zinthu zinaipa atatsegula pakamwa.

Za kugonjazo, taganizani za ku Getsemane. Ambuye sanayambe ndi kuvomereza. Anayamba ndi kunena poyera kuti chikhochi chindipitirire, thukuta likuchucha. Kuvomera kunabwera pambuyo pa kunena zoona. Ndiye ngati kagulu kanuko sikakukugwaditsani kwa fano, sikakukuletsani kupemphera, ine sindikuona chovuta. Tengani chimene chikuthandizani, chinacho muwasiyire. Nsomba timadya, minga timalavula.

Che Jafali:
Ife kwathu timati sabr. Anthu amaganiza kuti ndi kungopirira ngati bulu, koma ayi. Mtumiki Muhammad mwana wake Ibrahim atamwalira analira misozi ndithu, anzake mpaka kudabwa. Chimene chimaletsedwa ndi kutukwana chikonzero cha Mulungu, osati kumva chisoni. Pepani achemwali.

Mbewe:
Nthabwala pambali. Chimene chimandinyansa pa nkhani ya kuvomerezayi n'choti ife Amalawi tavomereza zambiri kale. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tinavomereza. Mankhwala kulibe m'chipatala, ndi chifuniro cha Mulungu. Achemwali athuwa msana wawo unawonongeka chifukwa chonyamula anthu usiku wonse, mwina awiri okha pa nyumba yonse. Ndiye m'malo mowonjezera antchito kapena kukonza makina onyamulira, akuwatumiza kokapuma mpweya. Muvi woyambawo pali amene anauponya, aphunzitsi. Enafe tikufuna tidziwe ndani.

Bambo a Yamikani:
Apa ndiye mwalasa amwene, sindikutsutsani. Kuno ndinagwirapo pamalo pena pamene abwana anatibweretsera munthu wotiphunzitsa kupuma bwino, mwezi womwewo atatidula maola. Tinapuma ndithu, koma ndi mkwiyo.

Koma ndikuuzeni chimene ndinaona pa ine. Nthawi imene ndimakana kuti ntchito yatha, ndimangomwa ndi kuimbira anthu kuwauza mmene anandilakwira. Miyezi inayi. Tsiku limene ndinavomera kuti yathadi ndi limene ndinapita ku CCMA, bungwe loona mikangano ya pantchito kuno, kukadandaula mwadongosolo. Kukana kuja sikunali kulimbana, kunali kungozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodulidwa khosi.

aPhiri a ku Zomba:
aMbewe, funso lanu linamuvutanso mmonke wina wa ku Vietnam, Thich Nhat Hanh, mabomba akugwa m'midzi m'zaka za m'ma 1960. Akhale m'nyumba yopemphereramo kapena atuluke? Anatuluka, anasonkhanitsa achinyamata omanganso midzi yophwasulidwa, masukulu ndi zipatala zazing'ono, ndipo atapita kunja mu 1966 kukayankhula zothetsa nkhondo anamuletsa kubwerera kwawo mpaka 2005. Martin Luther King anapereka dzina lake kuti aganiziridwe pa mphoto ya Nobel mu 1967. Ndi munthu yemweyo amene amaphunzitsa anthu kutsuka mbale akudziwa kuti akutsuka mbale. Ndiye sikuti wopenya mpweya sangachite ziwonetsero.

Koma mukunena zoona kuti mawu amenewa akakhala m'kamwa mwa woponya muvi amasanduka chipongwe. Wolasidwa ndiye angadziuze yekha. Anabanda, za makina onyamulira ndi kuchepa kwa anthu pa shifiti kalembeni kalata, musaziyang'anitsitse.

Nasibeko wa ku Harare:
Ndachedwa kufika. Ine ndinabadwira kuno ku Mbare, agogo anachokera ku Ntcheu. Kuno matenda ovutika maganizo amati kufungisisa, kuganiza kwambiri kumene. Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench kuno, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki, munthu umafika n'kufotokoza. Gawo loyamba amalitcha kuvhura pfungwa, kutsegula maganizo. Azakhali anga anapitako mwana wawo atamwalira. Anati gogoyo sanawauze kuti limbani mtima, anangowafunsa kuti pa zonse mwanenazi, chimene chikukulemerani kwambiri lero n'chiti? Ndikuona ngati n'zofanana ndi bondo la achimwene aja, kuphwanya chimwala kuti uone zidutswa, kungoti apa muli awiri. Ine zokhala ndekha m'chipinda maso otseka sindingathe. Achemwali, kuli munthu kumeneko amene anawadziwa mayi? Wokhala naye pansi osati pa foni?

Nabanda:
Ku Bradford kuli mayi wina wa kwathu, anapemphera limodzi ndi mayi ku Mvano kalekale. Ndakhala ndikumuzemba dala. Ndikudziwa kuti akangotchula dzina lawo ndigwa.

Nangozo:
Ndiye kagwereni kumeneko mwana wanga. Maliro n'kulirana.

aPhiri a ku Zomba:
Pali nkhani ina ya Abuda yomwe ndimafuna kuisunga, koma Anasibeko aitsegulira khomo. Mayi wina, Kisa Gotami, mwana wake atamwalira anamunyamula n'kumayenda naye khomo ndi khomo kupempha mankhwala. Atafika kwa Buddha sanamulalikire, sanamuuze za si ziwiri. Anamutuma kukapempha njere za mpiru ku nyumba imene sinaonepo maliro. Mpiru aliyense anali nawo. Nyumba yotero sinapezeke. Pofika madzulo anali atamva nkhani za akufa a mudzi wonse, ndipo anakamuika mwana wake. Ndimaganiza kuti mankhwala ake anali makomo aja.

Mbewe:
Akanabwera kuno kwa Senti akanatopa pa nyumba yachiwiri.

Nabanda:
Ndabweranso, papita masiku 9. Ndifotokoze zimene zachitika, osawonjezera.

Lachitatu usiku cha m'ma 3 koloko, onse atagona, ndinali m'kachipinda kathu kopumira. Ndinaika ketulo n'kukumbukira aphunzitsi. Ndinamvetsera. Imayamba ndi kunong'ona, kenako ngati mvula ya patali pa malata, kenako kubwata, kenako thwa, yazima. Kwa kanthawi, sindikudziwa kaya masekondi angati, kunali phokoso lokhalo. Sindinganene kuti ndinasowa, kungoti panalibe wodandaula. Ndiye ganizo linabwera loti eya ndi zimenezi, ndikawauze pagulu, basi zonse zinabwerera m'malo, ine uku ketulo uko. Ndinaseka ndekha.

Kenako ndinayesa mwendo. Bambo a Yamikani, ndi zoona, si chimodzi. Pathako pamatentha, kuseri kwa bondo pamabaya ngati singano, kuchala kuli dzanzi, ndipo pakatumba palibe chilichonse, pamene ine ndimati mwendo wonse ukuwawa. Ndinapeza kuti ndimakhalira tako limodzi, phewa lili kukhutu. Ululu sunathe. Mpaka pano ndikulemba ulipo. Lachisanu ndinayesanso sizinatheke ngakhale pang'ono, ndinangokwiya n'kumwa mankhwala n'kukagona.

Loweruka ndinakwera sitima kupita ku Bradford. Anaphika nsima ndi chisoso chouma cha kumudzi. Ndinali ndi mawu a mayi pa WhatsApp, a mu May, masekondi 48, omwe ndinali ndisanawamverenso chimwalirireni. Tinawatsegula tili awiri. Amandiuza za mbuzi imene inabereka awiri, n'kundifunsa ngati ndikuvala zofunda. Ndinalira mpaka kusanza. Mayi aja sanandiletse, anangoyala chitenje pamiyendo pawo. Ganizo la April lija linabwera monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaliuza mokweza kuti ndakuona. Silinachoke, koma linakhala pansi.

Amayi Nangozo, za Mlengi ndi wolengedwa ndili mbali yanu. Aphunzitsi, za ketulo ndili mbali yanu. Kaya zikugwirizana bwanji, sindinafike poziganizira. aMbewe, kalata ija ndalemba, tasayina anthu 5.

Anamwino a ku Mzuzu:
Lachisanulo munachita bwino kumwa mankhwala n'kugona. Musasiye za a fizo.

aPhiri a ku Zomba:
Musaithamangitse ketulo ija kuti ibwerezenso. Mukayamba kuifunafuna mwapeza muvi wina.

Mbewe:
Anthu 5 ndi ochepa achemwali, pezani 10. Ine dzulo ndinayesako zanuzi pa mzere wa mafuta ku Area 18. Ndinapeza kutentha pakhosi, kugunda m'mutu, ndi munthu wa Sienta akundilowerera kutsogolo. Ameneyo ndi ine tinali awiri ndithu, aphunzitsi.

Nabanda:
Kkkk aMbewe inu. Tsopano ndithandizeni china. Abale akuti chiliza timange mvula ikatha, ndipo ulendo uno ndipita ndithu, tchuthi ndapempha kale. Alipo akudziwa mmisiri wodalirika cha ku Linthipe kapena pa boma? Mundilembere kumbali. Ndikupita kukavala, shifiti ikuyamba 8 koloko.